Wosoka Madenga Onyowa

Mutu wa Kachala unali utalukidwa mbali imodzi yokha pamene mnzake Wasaluni anaponya mawu amene anamuwonongera sabata yonse.

"Koma iwe, mwamuna ujayu ukumudziwa bwinobwino, kapena ukungodziwa kumwetulira kwake?"

Kachala anamuyang'ana pagalasi. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo iye ankadziwa kuti Wasaluni akayamba kukoka tsitsi mopweteka, ndiye kuti pakamwa pake pali nkhani imene ikumuyabwa.

Mwamuna wonenedwayo anali Wamawaya, mnyamata wokonza mawailesi, matelevizoni ndi makina akale a magemu m'kashopu kake kumapeto kwa msewu. Dzinalo analitengera mawaya amene sankachoka m'matumba mwake. Kachala nayenso lake linali lopatsidwa. Ali mwana, tizala take tinkathamanga pa mabatani a padi yosewerera gemu mpaka anyamata onse a mumsewu mwawo analeka kupikisana naye. Atakula sanasiye. Loweruka lililonse ankaika kavidiyo pa intaneti kouza anthu mamodi oyenera kusewera.

Tsiku lina amayi ake atamufunsa kuti modi n'chiyani, anawayankha kuti: "Mukukumbuka magemu akale aja a kamunthu kothamanga, kodumpha maenje ndi kukwera nsanja? Pali anthu owakonda amene amawaphwasula ngati diresi lakale, n'kuwasokanso mwatsopano. Nsalu ndi yomweyo, koma kasokedwe n'kawo." Osokawo ambiri ankabisa mayina awo enieni. Anthu ankakhulupirira Kachala chifukwa sankapaka munthu mafuta. Modi ikakhala yoipa ankanena kuti ndi yoipa, woisokayo akwiye asakwiye.

"Wayamba," anatero Kachala. "Nena zimene wamva, usandizule tsitsi."

"Sindinamve, ndaona ndi maso angawa. Dzana ndinapita kukakonzetsa choumitsira tsitsi. Ndinamupeza ali pakompyuta, atafulatira khomo. Pasikirini panali gemu ija unandionetsa, ya kamunthu kothamanga pamadenga mvula ikugwa."

"Madenga Onyowa. Nanga chalakwika n'chiyani? Aliyense akuisewera."

"Sankasewera ayi. Gemuyo inali yong'ambidwa pakati, madenga paokha, manambala ali mbwee pambali. Atangondiona anatseka msangamsanga ngati mwana wogwidwa dzanja lili mu shuga. Ine za magemu sindizidziwa, koma ndimadziwa kuti wogula diresi sakhala ndi zidutswa za nsalu yake. Amakhala nazo ndi telala."



"Tsono taganiza," anapitiriza Wasaluni, mawu atatsika. "Loweruka likubwerali ndi lija umasankha modi yoposa zonse m'chaka. Gemuyo anakubweretsera ndani? Nanga anayamba liti kukuperekeza? Wakutsina khutu ndi mnansi, mnzanga."

Kachala anaseka, koma kusekako kunathera pamano. Ankadziwa kuti choumitsira tsitsi cha Wasaluni chinali chitapita kwa Wamawaya kangapo chilibe nthenda iliyonse, ndipo ulendo uliwonse mwini wake ankavala ndolo zatsopano. Mawu a munthu wotere sumameza osatafuna. Komabe ngakhale munthu wansanje nthawi zina amaona zoona.

* * *

Atafika kunyumba anakhala pansi patsogolo pa televizoni n'kuyatsa Madenga Onyowa. Dzina la woisoka linatuluka pakona monga mwa nthawi zonse: Mvumbi. Palibe amene ankadziwa ngati Mvumbi ndi mwamuna kapena mkazi, mkulu kapena mwana wasukulu.

Anakumbukira tsiku limene anaiona koyamba. Anali atapita kukatenga padi yake imene batani lodumphira linkakakamira. Wamawaya anamupatsa padiyo pamodzi ndi kaflashi kofiira kokhala ndi gemuyo, maso ali pansi.

"Mukakhala ndi mpata muyese iyi. Ikakutopetsani mudzandibwezere, mudzanditukwane."

Sinamutopetse. Anabwerera kukanena zimenezo, ndipo anacheza mpaka dzuwa kupendeka. Kuyambira pamenepo Wamawaya ankamuperekeza, ankamutumizira mauthenga a m'mawa, ndipo "inu" anasanduka "iwe" popanda wodziwa kuti zinachitika liti. Kachala ankayesa kuti gemuyo inali chabe chonamizira cha mnyamata wamanyazi. Tsopano ankadzifunsa ngati chonamiziracho sichinali iye mwini.

Foni inanjenjemera. Unali uthenga wa Wamawaya: "Tsitsi latheka? Nditumizire chithunzi ndione ngati ndikuyenerabe kuyenda nawe." Patangopita kanthawi unabwera wina: "Za Loweruka lija wasankha kale?"

Dzulo lake funso limeneli likanamusangalatsa. Lero linamulasa ngati munga. Anaika foniyo pansi osayankha.

Alongo ake aakulu, amene ankayendetsa lole ndipo ankabwera kunyumba kamodzikamodzi, analowa akupukuta m'manja. Anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana mlongo wawoyo.

"Nkhope imeneyi ndi ya gemu kapena ya mkamwini wa tizidole uja?"

"Achimwene, musayambe."

"Ine ndinayamba kale, ndi iwe sukumva. Mwamuna wa ndevu zake akamacheza ndi mkazi nkhani zake n'kumangokhala za kamunthu kodumpha maenje, pakhomo adzadumphanso udindo. Wabwera kuno kangati? Amaima pageti ngati wogulitsa mazira. Amayi sanamuonepo nkhope yake bwinobwino."

"Ndi wamanyazi."

"Manyazi ndi chinsinsi zimavala malaya ofanana. Munthu wopanda chobisa amalowa m'nyumba, amapereka moni, amanena kwawo. Ine ndili ndi mnzanga wa ntchito yooneka, wandifunsa za iwe kawiri konse."

"Mnzanuyo mumukwatire nokha."

Alongo akewo anaseka n'kulowa m'chipinda. Koma mawu akuti chinsinsi anatsala pabalaza, ndipo m'gemumo Kachala anagwa padenga limene tsiku lililonse ankalidumpha maso ali chitsinzire.

* * *

Lamulungu masana Wamawaya anabwera. Kachala anamulowetsa mpaka pakhonde, namupatsa mpando. Anali atakonza msampha wake, ndipo anautchera mosathamanga.

"Ndaganiza za Loweruka," anatero uku akuthira tiyi. "Modi ya Msika Chadodolido ndiitchula ndithu. Zonse n'zozondoka, kamunthu kakuyenda kudenga, madengu akulendewera. Munthu amaseka ngakhale akufa."

"Ndi yabwino, koma imatha msanga."

"Nyali Imodzi nayonso ndiitchula. Mdima uja umagwira mtima. Ukachedwa nyali ikuzilala, ukathamanga ugwa m'dzenje."

"Imeneyo ili ndi nkhanza. Ukalakwitsa kamodzi imakubweza kutali."

"Zoona. Koma ndi imene ndiike pamwamba."

Kapu ya Wamawaya inaima panjira yopita kukamwa. "Nanga Madenga Onyowa?"

"Ndiisiya. Anthu ailankhula kokwanira."

"Kuisiya osaitchula n'komwe?"

"Bwanji, zakukhudzani?"

Mnyamatayo anamva "inu" amene anabwerera mwadzidzidziyo. Anaika kapu pansi, nayamba kupotokola kawaya kamene anatulutsa m'thumba. "Iwe wekha unanena kuti sunaonepo modi yotere. Unati imaphunzitsa munthu osamuuza mawu."

"Ndinanena. Munthu amasintha maganizo."

"Kachala, usaiponye kunja chifukwa cha..." Anaima.

"Chifukwa cha chiyani?"

"Palibe. Vidiyo ndi yako."

Nthawi yomweyo foni yake inalira patebulo. Anaitembenuza chafufumimba mwachangu, koma inalirabe. Anapepesa, natuluka nayo mpaka kugeti. Kachala sanasunthe pampando, koma makutu ake anamutsatira. Mawu enieni sanawamve. Chimene anamva n'chakuti wa mbali inayo anali mkazi, ndipo Wamawaya ankayankha motsitsa, monga munthu wotonthoza mnzake.

"Kasitomala," anatero atabwerera.

"Lamulungu?"

"Televizoni siidziwa Lamulungu."

Nthabwalayo inagwa pansi popanda woitola. Anamaliza tiyi akulankhula za kutentha kwa dzuwa, ndipo pochoka Kachala sanamuperekeze.

* * *

Masiku awiri otsatira mauthenga a Wamawaya ankabwera, Kachala n'kumayankha ndi liwu limodzi. Wasaluni naye sanagone. "Wamufunsa?" Kenako: "Ine ndikanakhala iwe ndikanamusiya asanandichititse manyazi pagulu." Kachala anaona kuti mnzakeyo akufulumira kwambiri kumuthandiza kusiya, ndipo zimenezo zinamuwonjezera chikaiko china pamwamba pa choyamba. Sankadziwanso woti amukhulupirire.

Lachitatu, potuluka kuntchito, analunjika kushopu osachenjeza. Munali fungo la waya wopsa. Matelevizoni otsegulidwa kumbuyo anali ndandanda pashelefu, ndipo Wamawaya anali atawerama pa kawailesi, chowotcherera chili m'manja.

"Yatsa kompyutayo," anatero Kachala asanapereke moni.

Wamawaya anadzutsa mutu. Anayang'ana nkhope yake, nazindikira kuti lero si tsiku la nthabwala. Anazimitsa chowotchereracho.

"Wasaluni wakuuza."

"Zilibe kanthu kuti wandiuza ndani. Mvumbi ndi iwe?"

"Ayi."

"Nanga zidutswa za gemuyo zikutani m'kompyuta mwako?"

Mnyamatayo anakoka mpweya, naloza kumwamba. "Mvula ija umaimva m'gemumo ndi ya denga lino. Ndinaijambula ndekha. Apa malata ndi atsopano, apo pakona ndi adzimbiri, ndipo mvula imalira mosiyana. Ine ntchito yanga inali ya mawu basi. Madenga, maenje, kadumphidwe, zonsezo anasoka ndi wina."

Chimene Kachala ankachikonda koposa m'gemuyo chinali chomwecho: wosewera ankadziwa denga lowola pomvetsera kulira kwa mvula asanapondepo. Anali atachiyamikira pamaso pa Wamawaya kambirimbiri, iye n'kumangogwedeza mutu ngati mlendo.

"Ndiye unkandimvetsera ndikutamanda ntchito ya manja ako, uli duu?"

"Ndikananena, ukanaiyamikira ndi mtima womwewo? Ukanayamba kuopa kuti anthu anena kuti ukukondera. Ndinafuna uiweruze yokha."

"Unafuna ndiiweruze ndili m'chimbulimbuli. Ukudziwa chimene ndili nacho ine? Si ndalama, si kampani. Ndi chakuti anthu amati Kachala sanama. Mawa akadzamva kuti ndinaika pamwamba gemu ya chibwenzi changa osanena, ndidzatsala ndi chiyani?"

Liwu loti chibwenzi linali lisanatulukepo pakati pawo, ndipo linatuluka pa tsiku loipa.

"Mvumbi ndani?"

"Ndinalonjeza kuti sindidzanena. Kumene amagwira ntchito salola zimenezi."

"Ndi amene anaimba Lamulungu?"

"Inde."

"Ndi ndani wako?"

Anatola kawaya patebulo, nakabwezanso. "Ndi nkhani yakale, Kachala. Inatha."

"Nkhani yotha siimba foni Lamulungu masana."

"Ndinakubweretsera gemuyo chifukwa ndi yabwino. Ndinapitiriza kubwera chifukwa cha iwe. Zimenezi ndi zoona, ukhulupirire usakhulupirire."

Kachala ankafuna kukhulupirira. Maso a mnyamatayo anali ofiira. Koma Kachala anaona kuti pa mafunso ake onse, limodzi lokha linayankhidwa mozungulira. Anatembenuka n'kutuluka.

* * *

Loweruka m'mawa anakhala pakama, foni yojambulira itatsamira mulu wa mabuku. Anali asanasankhe. Akaika Madenga Onyowa pamwamba, mwina akhala akuvina nyimbo imene ena anamuimbira mobisa. Akaisiya, akhala atanamiza anthu ake chifukwa cha mkwiyo wa iye yekha. Anaseweranso zonse kuyambira pachiyambi, kufuna kupeza chilema chimene chingamupulumutse. Sanachipeze.

Anadina batani lojambulira.

"Moni nonse okonda kudumpha. Lero ndi tsiku lija. Ndiyambe ndi chenjezo: pali modi ina ikutchedwa Minga Yokhayokha. Woisoka ameneyo anthu anamulakwira, ndipo akubwezera kwa ife. Ngati mumakonda padi yanu, isiyeni.

"Amene mukungoyamba kumene, kapena mukufuna kusewera ndi ana, tengani Msika Chadodolido. Mudzaseka, ndipo siikulanga mukagwa. Vuto lake ndi lakuti mukangoyamba kuizolowera, yatha. Amene muli ndi mtima wautali, Nyali Imodzi ndi yanu. Musathamangire mafuta onse amene mukuwaona, ena ndi nyambo. Woisoka akadzafupikitsa mtunda umene munthu amabwerera akafa, idzakhala yovuta kuipambana.

"Koma yoposa zonse chaka chino ndi Madenga Onyowa. Gemu yakale ija tonse timaidziwa, pansi pamakhala pokhulupirika. Muno ayi. Denga limaterera, ndiye mumaphunzira kudumpha msanga. Mukagwa simufa, mumagwera mu mgolo wa madzi n'kukweranso, ndipo pokweraponso mumaona njira imene munaiphonya. Musaisewere mutatsitsa mawu, chifukwa mvula ndi imene imakuuzani poponda."

Anasendera pafupi ndi foniyo.

"Ndisanatseke, pali choti mudziwe. Sabata ino ndamva kuti amene anajambula mawu a m'gemuyi ndi munthu amene ndimamudziwa, ndipo ndi iye anandipatsa gemuyi poyamba. Woisoka sindikumudziwa. Ndakuuzani kuti muyeze nokha mawu anga. Isewereni, mukapeza kuti ndakondera, mudzandiuze."

Anaika vidiyoyo pa intaneti, kenako anakachapa zovala kuti manja apeze chochita.

Pofika Lolemba, vidiyoyo inali itayenda kuposa ina iliyonse imene anaikapo. Ena ankamunyoza kuti wagulidwa ndi chikondi. Ambiri ankati munthu wonena yekha zotere ndi woyenera kumumvera, ndipo ankatumizirana gemuyo. Alongo ake anaionera pafoni ya mnzawo, n'kumuimbira ali paulendo.

"Ndiye wauza dziko lonse kuti uli ndi munthu, ife a m'nyumba tisanamuone?"

"Ndanena kuti ndimamudziwa, achimwene."

"Ndikabwera ndimupeze pabalaza, osati pageti. Akakanika, nkhani yake itsekedwe."

Wasaluni anangotumiza mawu ochepa: "Wamupatsa chimene ankafuna. Tione ngati abwerenso."

* * *

Wamawaya anabweranso, koma pafoni. "Zikomo chifukwa chonena zoona, ngakhale zandiwawa. Pali zimene ndiyenera kukuuza pamaso. Ubwere kushopu Lachinayi madzulo." Kachala anawerenga uthengawo kangapo, kufunafuna pamene pabisala bodza. Kenako anadzidzudzula yekha. Mnyamatayo anavomera zimene anafunsidwa, sanakane. Mwina chimene chinatsala chinali kungomva nkhani yakaleyo, kuikwirira, n'kumuuza kuti alongo ake akumufuna pabalaza.

Lachinayi sanalidikirire. Lachitatu madzulo anapezeka ali pamsewu wa kushopu, atavala bulauzi imene Wamawaya ananenapo kuti imamukhala.

Chitseko chinali chotsegula, koma mwini shopu munalibe. Kuseri kwa tebulo, pampando wake, panakhala mkazi wamtali wovala magalasi, akudina kompyuta ija ngati yake. Pambali pake panali chikwama chachikulu chapaulendo. Atamva mapazi anadzutsa mutu, namwetulira ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake.

"Ndinu Kachala. Nkhope yanu ndimaidziwa pa mavidiyo. Lowani, wangopita kukagula zakumwa."

"Inu ndinu ndani?"

"Ine ndine Mvumbi. Tsopano ndikhoza kunena, ntchito ija ndaisiya dzulo." Anaimirira n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. "Sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Vidiyo yanu inafika kwa anthu a kampani ina yopanga magemu, kumzinda wakutali. Andiitana kuti ndikagwire nawo ntchito. Akufunanso amene anajambula mvula ija. Akuti awirife tisasiyane."

Kachala anabweza dzanja lake pang'onopang'ono. "Awirinu."

"Sanakuuzeni? Mwina amadikira mawa. Iye ndi wotero, nkhani yolemera amaizungulira ngati galu pa mphika wotentha. Ndimamudziwa bwino, tinatsala pang'ono kukwatirana." Ananena zimenezi mopepuka, akukonza magalasi ake. "Chikwamachi andipatsa ndi amayi ake kuti ndimubweretsere. Asangalala kwambiri. Akuti mwina ulendowu ulumikiza zimene zinaduka. Akuluakulu mukuwadziwa, sataya mtima msanga."

"Nanga inu mwataya?"

Mvumbi anangoseka pang'ono. Kachala anayesa kuwerenga nkhope yake, koma kuseri kwa magalasiwo sikunkaoneka ngati kuli chiwembu kapena chimwemwe chabe.

"Ine ndinadziwa kuyambira kale kuti gemuyi ikangofika m'manja mwanu, zitheka," anapitiriza mkaziyo. "Ndinamuuza kuti, mtsikana uja amabwera kudzakonzetsa padi kwa iwe, umupatse. Ankakana, akuti n'zochititsa manyazi. Ndinachita kumuumiriza, flashi ndinagula ndine."

Pakhomo panamveka kugundana kwa mabotolo. Wamawaya anaima pamenepo, botolo m'dzanja lililonse, maso ake akuchoka pa mkazi mmodzi kupita pa mnzake. Kumwetulira kumene analowa nako kunazima.

"Kachala. Ndinati mawa."

"Ndaona chifukwa chake." Mawu a Kachala anatuluka osalala, mpaka iye mwini anadabwa. "Ndifunse chimodzi chokha, ndipo usachizungulire. Tsiku lija unandipatsa flashi, unachita kutumidwa?"

Wamawaya anaika mabotolowo pa televizoni yakufa imene inali pafupi. Anayang'ana Mvumbi, ndipo Mvumbi anayang'ana kumbali.

"Tsiku limenelo, inde. Koma masiku onse otsatira palibe anandituma."

"Ndipo ukupita?"

"A kampaniwo sindinawayankhe. N'chifukwa chake ndinafuna tilankhule."

"Chikwama chafika kale."

"Sindinachiitanitse ine."

Kachala ankafuna kumufunsa kuti adziwa bwanji pamene kutumidwa kunathera ndi pamene chikondi chinayambira, ngati chinayamba n'komwe. Asanatsegule pakamwa, foni ya Mvumbi inalira patebulo. Mkaziyo anayang'ana nambala, nadzuka, n'kudutsa pafupi ndi Kachala mpaka pamene panaima Wamawaya. Anamutambasulira foniyo ikulirabe.

"Ndi a kampani aja," anatero modekha. "Yankho langa ndinawapatsa kale. Akufuna lako lero."

Wamawaya anayang'ana foniyo, kenako anayang'ana Kachala. Kachala anapinda manja pachifuwa n'kutsamira chitseko. Sanafune kutuluka, ndipo sanafune kumuthandiza. Anafuna amve ndi makutu ake.

Mnyamatayo anapukuta dzanja pa thalauza, nalandira foniyo.